Mowa Wotunga

Mnyamata wa tayi uja, Fatsani, wochokera ku Kapitolo,
anagogoda kauntala ndi kiyi wa galimoto:
"Achimwene, dirafuti n'chiyani kwenikweni?"
Ine dzanja lili pa mpopi, tambula nditaipendeketsa,
ndinati: ndi mowa wotunga.
Anaseka. Ankayesa ndikunena za chitsime.

Komatu n'chitsimedi.
Pansi pa kauntala pano pa Bwandilo pagona migolo itatu yachitsulo,
yozizira ngati mwala wa mu Lingadzi mwezi wa Juni.
Woyambawu ndi wowala, mtundu wa udzu wa m'chilimwe,
umalowa pakhosi osaodira,
bwenzi la omwe angolandira kumene.
Winawu ndi wofiirira, uli ndi kafungo ka chimanga chokazinga;
a Mlongoti amaumwa pang'onopang'ono
akuwerenga za maliro m'nyuzipepala ya dzulo.
Wachitatu ndi wakuda bii, thovu lake lolimba
loti ungalembepo dzina ndi chala.
Umenewo sinditungira munthu wothamanga.

Wa m'botolo ndi mkaidi, Fatsani.
Anauziziritsa mtima ku fakitale, n'kuutsekera,
ukhoza kukhala miyezi pa shelefu osadandaula.
Wotunga sudikira munthu.
Ukangoboola mgolo, masiku ake ayamba kuwerengeka.
Magetsi akazima tsiku lonse umadwala,
mawa lake wasasa,
ndipo bwana amadula pa malipiro anga.

Izi sindinaphunzirire pano.
Mayi anga, Nangondo, ankafulula masese ku Chinsapo,
kuseri kwa nyumba ya lendi, moyang'anana ndi chigayo.
Chimera pa mphasa, ife ntchito kuingitsa nkhuku za eni nyumba.
Mgolo wawo unali wa oilo kale, wakuda ndi mwaye,
ndipo usiku unkayankhula,
phwa, phwa, ngati munthu wangongole akubwebweta kutulo.
Iwo ankalawa ndi khutu:
"Sunapse. Mawa."

Thobwa linali lathu anafe.
Chikokeyani chinali cha osapirira.
Masese anali a oumba njerwa, matope mpaka m'mawondo,
ndi alonda obwerera kwawo dzuwa likutuluka,
chipanda chimodzi, milomo isanu ndi iwiri.
Woyamba kumwa anali mayi eni akewo, pamaso pa onse,
kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu.
Kenako chipanda chinkayenda kumanja
ndipo wochedwa nacho ankamutchula dzina la agogo ake.

Fizi yanga ya Fomu 2 inatuluka mu mgolo umenewo.
Nsapato zanga zoyamba, zazikulu ndi nambala ziwiri.
Bokosi la bambo,
amene anamwa woposa umene mayi anagulitsa chaka chimenecho,
linatulukanso momwemo.
Ndiye ukandifunsa tanthauzo
usayembekeze yankho losefa bwino.
Pansi pake pamakhala masese basi.

Pano ndimavala malaya oyera,
mpopi wanga ndi wonyezimira, mpweya ukukankha pansi,
tambula imodzi mtengo wa chidebe chonse cha mayi.
Palibe amene amapatsira mnzake.
Aliyense ndi tambula yake, ndi foni yake,
ndi nkhani yake imene wakana kukaikamba kunyumba.
Koma masana, ndikatsuka mapaipi,
zitseko zisanatsegulidwe,
dontho loyamba ndimamwa ndine, chilili,
ngakhale palibe wondiyang'ana
kupatula mphaka wa owotcha kanyenya.

Ndinamutungira wofiirira uja,
thovu zala ziwiri, osapyola.
Iye anaikweza tambula ku getsi, n'kuyamba kuijambula,
mbali iyi, mbali inayo,
kufuna kuti dzina la bala lionekere kumbuyo.

Imwa, Fatsani.
Foniyo ikhalapo mpaka mawa.
Thovu likugwa.